Mchombo wa Emilsen

Medellín, 9 Epulo 2017

Wokondedwa Yarle,

Moni wa kuno. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi munthu wam'mimbayo. Apongozi a Eudosia muwapatse moni wanga ndi manja awiri. Ine ndili bwino, msana wokha ndiwo ukudandaula ndi matumba a simenti. Nyumba tikumangayi yafika pansanjika yachisanu ndi chinayi. Ndikayang'ana pansi anthu amaoneka ngati nyerere, ndiye sindiyang'ana.

Kapitawo wandilola kuchoka pa 8 Meyi. Ndikwera basi tsiku lomwelo, pa 9 m'mawa ndili pa Quibdó, madzulo ake ndili pakhomo, ngati a Aristarco sanagulitse boti lawo. Anamwino aja anati pakati pa Meyi, eti? Ndiye ndipezeka.

Tsopano mverani. Muzimwa madzi a mvula okha, a mumtsinje ayi, ngakhale owiritsa. Mgolo wakumanzere uli ndi dzimbiri, usiyeni, gwiritsani wabuluu uja. Nsomba ya bokachiko idyani, koma donseya ndi milamba ikuluikulu ayi. Nsomba iliyonse yodya inzake musaiike m'kamwa. Musandifunse chifukwa, ingomverani. Thabwa lachitatu la pamakwerero likugwedera, ndinaiwala kulikhoma. A Aristarco ali ndi hamala, apempheni. Lisanakhomedwe muzililumpha. Ayi, musalumphe. Muziponda chakumphepete.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Mchombo wa mwana ukadzagwa, amayi anu akufuna kudzathira chiyani pabalapo? Ndikudziwa kuti iwo ndi azamba a mudzi wonse, ana onse a pa Puerto Guamo anadutsa m'manja mwawo, ndipo mkamwini salamula pamoto wa apongozi. Koma mwanayo ndi wanganso. Inu mukudziwa kuti chimene athira pamchombo ndi chimene munthu amachitsata moyo wake wonse. Mlongo wanu Wilner anamuthira phulusa la nyerere, mpaka lero sakhala pansi. Ine malemu amayi anandithira fumbi la golide kuti ndisadzasauke. Golideyo ndinamuthamangira kuyambira ndili mnyamata, ndipo chimene ndinapeza ndi jombo zong'ambika ndi chifuwa. Anzanga kuno amati zimenezi ndi zachikale. Kaya. Ine ndikungonena zimene zinandichitikira. Golide ayi, Yarle. Chonde afunseni mwaulemu, ngati kuti funsolo ndi lanu.

Mundilembere. Mapazi akutupabe? Akukankha kangati patsiku? Madzi afika pamzati uti pansi pa nyumba? Kalata muwapatse a Aristarco, iwo akasiya pa ofesi ya basi.

Ine wanu,
Deiner


Puerto Guamo, 4 Meyi 2017

Bambo wa malamulo,

Moni wanu ndalandira, nanunso landirani wanga. Kalata yanu ndaiwerenga ngati pepala la kuchipatala: imwani ichi, musadye icho, pondani apa. Mawu oti mwandisowa ndawafuna mpaka kuseri kwa pepala, osawapeza. Kapena anagwera mumtsinje boti likubwera.

Tili bwino. Mapazi atupa ngati zipatso za borojó, ndikuyenda ngati bakha. Mwana wanu akukankha nthawi zonse ndikafuna kugona, watengera inu kusowa mtendere. Madzi ali pamzati wachiwiri. Donseya sindikudya, ngakhale a Tomasa a pakhomo lachiwiri anaphika dzulo, fungo lake mpaka ndinatsala pang'ono kulira. Za thabwa a Aristarco anati abwera mawa. Mawa lawolo lakwanitsa milungu itatu.

Ndachedwa kuyankha chifukwa panalibe nkhani. Lero ilipo. Wailesi yalengeza kuti khoti lalikulu la ku Bogotá linagamula kuti mtsinje wa Atrato uli ndi ufulu ngati munthu. Ee, mwawerenga bwino. Mtsinje wathu womwewu, wochapiramo matewera. Tinamva tili padoko tikuchapa, ndipo mukanakhalapo mukanaseka ngakhale inu.

A Aristarco anavula chipewa, kuwerama kuyang'ana madzi. "Achimwene, poti tsopano ndinu munthu, injini yanga munameza chaka cha chigumula ija ndibwezereni."

A Tomasa akuti, "Dikirani kaye. Ndi mwamuna kapena mkazi? Ngati ndi mwamuna, ndiye kuti wakhala akutionera tikusamba zaka zonsezi, wopanda manyazi!"

A Aristarco akuti, "Inu a Tomasa, akanakhala mwamuna bwenzi atathawira kuphiri kalekale."

A Tomasa anawathamangitsa ndi thabwa lochapira mpaka m'boti.

Kenako anabwera aphunzitsi a Leonor n'kutimasulira bwinobwino. Akuti boma lalamulidwa kuchotsa makina okumba golide ndi kutsuka poizoni m'madzimu. Akutinso mtsinje ukhala ndi ankhoswe ake, ena a boma, ena ochokera m'midzi yathu yomweyi, oti aziulankhulira. A Tomasa akuti, "Zikatero onse amene anauvulaza ayankha mmodzimmodzi." Anthu anawomba m'manja.

Amayi okha ndiwo sanaseke. Anangofinya chovala chawo n'kunena kuti, "Khoti lachedwa. Ife tinkadziwa kale." Titafika kunyumba ndinawafunsa funso lanu lija, mwaulemu monga munanenera. Anandiyang'ana n'kuti, "Uwauze amuna ako kuti funso lawo ndalimva." Mukuona? Palibe chimene mungawabisire. Ndiye akuti golide sathira, musade nkhawa. Akuti mwana uyu akubwera chaka chimene mtsinje wavomerezedwa kuti ndi munthu, ndiye adzamuthira mtsinje pamchombo, akhale m'bale wake. Ndinafunsa kuti mtsinje amathira bwanji. Akuti, "Iwe bereka. Zinazo ndi zanga."

Ine zandisangalatsa. Mwana wa mtsinje samira, ndipo sasowa kwawo.

Pa 9 ndidzakhala padoko. Mundibweretsere sopo wonunkhira uja, wapepala lobiriwira.

Wanu wotupa mapazi,
Yarleidis


Medellín, 9 Meyi 2017

Yarle wanga,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Lero mukundidikira padoko ndipo ine ndili kuno. Pepani. Werengani mpaka kumapeto musanakwiye, ndipo mukatha muwawerengere apongozi. Zonse, osadumpha.

Kalata yanu inandipeza pa 7. Tikiti ndinali nditagula kale, sopo wanu ali m'chikwama. Ndinamuwerengera Chucho, mnzanga wosakaniza simenti, za mtsinje zija kuti aseke. Sanaseke. Akuti, "Iwe wakumadzi, sukumvetsa? Munthu akakhala ndi ufulu amasumira. Ukangotsika basi pa Quibdó apolisi akufunsa kuti, ndiwe uja unavulaza Atrato?" Ndinati akunama. Akuti, "Nanga mayi wa pakhomo panu uja sananene kuti ayankha mmodzimmodzi?" Dzulo ndinapita mpaka pokwerera basi. Ndinaima pakhomo la basi, kondakitala akundikalipira, miyendo osakwera.

Chucho amadziwa chimene inu simudziwa. Zaka ziwiri zija ndinkati ndikucheka matabwa kumtunda kwa mtsinje wa Quito, sindinkacheka matabwa. Ndinali pa chimakina choyandama chokumba golide. Ntchito yanga inali yotsuka. Azoge, madzi olemera onyezimira aja ogwirira golide, ndinkathira ndi manja anga awa. Tinkasakaniza ndi mchenga, kufinya m'kansalu, zotsalazo n'kukhuthulira m'madzi. Mabotolo angati sindikudziwa. Ambiri. Madzi a Quito amalowa mu Atrato pa Quibdó, kenako amadutsa pansi pa nyumba yathu. Azoge saola. Amagona m'matope, nsomba zing'onozing'ono zimadya, zikuluzikulu n'kudya zing'onozing'onozo. N'chifukwa chake ndinakuletsani donseya.

Ndinachoka nditaona mkulu wina amene anatsuka zaka khumi akulephera kufikitsa kapu ya khofi pakamwa, manja akunjenjemera. Mayi amene ankatiphikira anali ndi mwana wa zaka zitatu, wosayenda, wosalankhula. Sindine dokotala, sindinganene kuti chinali chimenecho. Koma ndinaona ndi maso.

Ndiye mukundiuza kuti apongozi athira mtsinje pamchombo wa mwana wanga. Mtsinje athira bwanji ngati si matope kapena mchenga wa padoko? Pabala losapola? Yarle, m'matope amenewo muli zimene ndinathira ine. Ndikhala ngati ndamuthira ndekha. Chonde, chonde, agwadireni. Asatenge kalikonse m'madzimo. Ndikudziwa kuti afuna zabwino, koma sadziwa zimene zili pansipo.

M'envulopumu ndaikamo pensulo yatsopano, yachikasu, sinasongoledwe. Ngati mwambo ufuna kuti pathiridwe kanthu, apale kamtima kake kakudako pang'ono, athire kameneko. Mwana adzatsate sukulu, adzachoke pamtsinje, asadzafanane ndi ine wolekeza kalasi yachitatu. Pabalapo muzipukuta ndi mankhwala a kuchipatala aja, m'mawa ndi madzulo. Thewera lisaphimbe mchombo.

Za kundende sindikuopa kwenikweni. Ndikunama, ndikuopa. Ndikamangidwa adyetsa ndani mwana? Ndikhala kuno kaye ndione mmene ziyendere. Mukandiyankha kuti pensulo yafika, ndipuma.

Mukafuna kunditukwana, nditukwaneni. Koma yambani ndi mchombo.

Deiner


Puerto Guamo, 24 Meyi 2017

Deiner,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino.

Muli ndi mwana wamkazi. Anabadwa pa 16 m'mawa, mvula ikugwa, m'manja mwa amayi. Ndi wamkulu, wakuda bwino, ali ndi makutu anu, tsoka lake. Dzina ndamutcha Emilsen. Ndinafuna tigwirizane, koma munthu sagwirizana ndi mphepo.

Pa 9 ndinakhala padoko kuyambira masana, ndi mimba yangayo, pa benchi lopanda chotsamira. Boti la a Aristarco linafika, anatsika anthu asanu ndi mmodzi ndi nkhumba. A Aristarco osandiyang'ana kumaso. "Mwana wanga, mwina wakwera la mawa." Mawa lake anthu a chigawo chathu chonse cha Chocó anayamba sitiraka, misewu n'kutsekedwa, maboti n'kuima. Koma musanamizire sitiraka. Inayamba pa 10. Inu munati pa 9.

Kalata palibe, uthenga palibe. A Tomasa amabwera tsiku lililonse ndi msuzi, amvekere, "Amuna akapita ku Medellín amaiwala kupalasa, mwana'nga. Kumeneko kuli atsikana a tsitsi lofika m'chiuno, ogulitsa mikate pangodya iliyonse." Ndimawaseka, koma akachoka sindiseka. Ngati mwapeza wina, nenani. Ndisamavutike kugona kumphepete kwa bedi kusungira malo munthu amene ali ndi bedi lina. Ngati mukudwala, nenaninso. Chimene ndikukana ndi kukhala chete kumeneku.

Mchombo wagwa dzulo, tsiku lachisanu ndi chiwiri. Amayi athira mtsinje monga ananenera. Lamlungu anatenga bwato m'mawa okha, osauza munthu, n'kusowa tsiku lathunthu. Anabwera dzuwa likulowa ali matope mpaka m'mawondo, atafumbata kanthu m'kansalu. Dzulo anatitulutsa tonse m'chipinda, monga amachitira, n'kutsala awiri ndi mdzukulu wawo. Emilsen sanalire n'komwe.

Kachidutswa kamene kagwako takakulunga m'nsalu yoyera, kali m'chitini cha khofi pamwamba pa kabati. Kakufunika kukwiriridwa pamodzi ndi mbande ya mtengo, kuti mwana akhale ndi mtengo wake ndi kwawo. A Aristarco anadzipereka kukumba. Amayi anakana. Akuti dzenje la mchombo amakumba ndi bambo wa mwana, bola ngati ali moyo.

Muli moyo?

Kalatayi sindikudziwa kuti inyamuka liti. Ikhala m'thumba la a Aristarco mpaka msewu utatseguka.

Yarleidis


Medellín, 31 Meyi 2017

Yarle,

Moni, ndipo zikomo, zikomo chifukwa cha mwana. Emilsen ndi dzina labwino. Ndalinena mokweza pamwamba pa nyumba mpaka Chucho anati ndapenga.

Mkazi wina palibe. Ndikulumbira pamanda a amayi. Ndinakulemberani pa 9 ndi pensulo m'kati, ndiye kuti sinafike. Pitani kapena tumani munthu ku ofesi ya basi pa Quibdó, envulopu ya khaki, ili ndi chotupa pakati. Zonse zili m'menemo, sindingathe kuzilembanso.

Mwati anabwera ali matope mpaka m'mawondo. Yarle, chiwerengereni mawu amenewo sindikudya. Matope a kuti? Tsukani pamchombopo lero lomwe ndi madzi a mvula owiritsa. Mupite naye kwa anamwino, muwauze kuti pabala panalowa matope a mumtsinje okhala ndi azoge. Musachite manyazi, nenani choncho. Muoneni ngati akunjenjemera timanja. Akuyamwa? Akutsata chala ndi maso? Mukawomba m'manja akudzidzimuka?

Ngati chachitika kanthu, wolakwa ndine, osati apongozi.

Yankhani ndi boti loyamba.

Deiner


Puerto Guamo, 5 Juni 2017

Mkamwini,

Ndine Eudosia. Tili bwino, kaya inu. Wolemba ndi mkazi wanu, ndamuuza alembe monga ndikuyankhulira, asakometse.

Makalata anu awiri afika tsiku limodzi. Yoyambayo inagona pa ofesi ya basi pansi pa makatoni, a Aristarco anachita kuifukula. Andiwerengera zonse, osadumpha, monga munalamulira. Mumakonda kulamula.

Choyamba, mwana ali bwino. Akuyamwa ngati kamwana ka nkhumba. Timanja sitikunjenjemera. Tawomba m'manja monga munanenera, wadzidzimuka n'kulira theka la ola, ndiye zikomo kwambiri chifukwa cha nzeru imeneyo. Pamchombo pauma. Anamwino akubwera ndi boti Lachinayi, akamuona, kuti mtima wanu ukhale pansi.

Chachiwiri, kodi mumandiyesa chitsiru? Chinsinsi chanucho ndi cha mphaka wobisala mchira uli panja. Ocheka matabwa ndimawadziwa, malemu amuna anga anali mmodzi wa iwo. Amabwera ndi utuchi m'tsitsi, m'makutu, m'matumba. Inu munkabwera opanda utuchi ngakhale kamodzi, mphete yanu ya ukwati ya golide itayera ngati chitini. Chimene chimayeretsa golide choncho ndi chimodzi chokha. Mudzi wonse unkadziwa. Sitinanene chifukwa munali ndi manyazi, ndipo munthu wamanyazi amakhala asanatheretu.

Ine ndatunga madzi awa zaka makumi asanu ndi limodzi. Ndinawaona ali obiriwira, ndikuwaona lero ali ngati khofi wamkaka. Donseya ndinasiya kudya inu musanayambe kumera ndevu. Ndiye ine nditenge matope a padoko, pamene a Tomasa amatsukira matumbo a nkhuku, ndithire pabala la mdzukulu wanga? Mwandinyoza, mkamwini, koma ndakukhululukirani chifukwa mwandinyoza ndi chikondi.

Mverani kumene ndinapita. Ndinapalasa kulowa kamtsinje ka La Honda, kukwera mpaka bwato linakana. Ndinalimanga, n'kuyenda pansi. Matope a m'mawondowo ndi a m'njira. Ndinafika pamene madzi amatuluka m'thanthwe, ochepa ngati mkono wanga, ozizira mpaka mano kuwawa. Kumeneko sikunafike makina, sikunafike botolo. Ndinapempha, n'kutola kamwala kamodzi koyera. Kunyumba ndinakawiritsa, kukaotcha pamoto, kukapera mpaka kukhala ngati ufa. Ndinathira kochepa, kongokwana pansonga ya chikhadabo. Amenewonso ndi Atrato, asanakumane ndi anthu ngati inu. Mwana wakhanda ndamuthira mtsinje wakhanda.

Pensulo yanu yafika mochedwa, ndipo mchombo sathira kawiri. Komanso sindikanathira. Mukufuna mwana adzachoke pamtsinje. Onse akachoka, atsala ndani? Sukulu adzapita, ine ndidzamuperekeza ndekha ndi bwato ngati inu muli kobisala.

Pensuloyo ndaidula pakati ndi chikwanje. Theka lili m'chitini pamodzi ndi mchombo, ndi la Emilsen akadzayamba sukulu. Theka linalo ndakubwezerani, lili m'envulopumu. Ntchito yake nayi. Aphunzitsi a Leonor akuti bungwe la midzi yathu likusonkhanitsa malo onse amene munathiridwa poizoni, kuti a boma asadzanene kuti sakudziwa poyambira. Ife timangoona madzi akuda akudutsa. Amene akudziwa maenje ndi amene anathira. Mtsinje aupatsa ufulu, koma sanaupatse pakamwa.

Za apolisi ndawafunsa aphunzitsiwo. Akuti chigamulocho chikulamula boma kuti ligwire ntchito, iwo sanamvemo zosaka anyamata onyamula mabotolo. Ine za malamulo sindidziwa, ndiye sindikulonjezani kanthu. Chucho wanuyo sadziwanso. Chimene ndikudziwa n'chakuti pakabati panga pali mchombo wosakwirira, ndipo nyerere sizidikira munthu.

Eudosia

Ndine Yarle tsopano, amayi apita kukaona mpunga. Inenso ndinkadziwa, Deiner. Mphete ija ndinkaitsuka ndi ndimu inu muli m'tulo, mtundu wa golide osabwerera. Ndinkadikira kuti munene nokha. Nditawerenga kalata yanu ndinalira, kenako ndinaseka, chifukwa milungu itatu ndakhala ndikuchitira nsanje mtsikana wa tsitsi lofika m'chiuno, pamene mwamuna wanga akuthawa mtsinje. Mukadzafika ndidzayamba ndakumenyani ndi nkhafi, kenako ndidzakuphikirani mpunga wa kokonati ndi bokachiko wokazinga. Sopo wanga musamuiwale.


Medellín, 18 Juni 2017

Wokondedwa Yarle, ndi apongozi anga olemekezeka,

Moni nonse, ndi Emilsen. Anamwino anati chiyani Lachinayi lija? Analemera makilo angati? Mudzandiuza pakamwa.

Apongozi, pepani. Ndinakudererani. Kalata yanu ndinawerengera pa mulu wa njerwa, ndipo nditafika pa kamwala koyera ndinakhala pansi. Tsiku limenelo ndinadya mbale ziwiri.

Ndachedwa kuyankha chifukwa cha theka la pensulo lija. Ndayenda nalo m'thumba la malaya masiku asanu ndi anayi. Apolisi ndi nkhani ina. Eni makina aja sakonda munthu wokumbukira, inunso mukudziwa. Chucho akuti, "Taya kanthu kameneko, iwe wakumadzi. Uli ndi mwana tsopano." Ndinati, "N'chifukwa chake." Akuti, "Chifukwa chake chiyani?" Ndinabwerera ku simenti yanga. Koma ndimaganiza chonchi. Mwanayo mwamupanga m'bale wa mtsinje. Adzasamba momwemo, ine ndifune ndisafune. Adzameza madziwo posambira, monga tinamezera tonse. Mgolo wabuluu sungamutsate kulikonse. Ndiye kuletsa donseya kokha sikukwana.

Ndajambula. Pepala lalikulu ndinalibe, ndang'amba thumba la simenti, m'kati mwake ndi moyera. Ndayambira pamene Quito amakumana ndi Atrato, kukwera, gombe ndi gombe. Maenje amene ndikuwakumbukira bwino ndi khumi ndi limodzi. Pamene tinkatsukira ndaika mtanda. Pali mtanda umodzi waukulu, pansi pa mtengo wopendama, pamene botolo lathunthu linandipulumuka n'kusweka, ine n'kukwirira ndi phazi kuti kapitawo asaone. Pamenepo ayambire. Kujambula kwanga n'koipa, mtsinje ukuoneka ngati matumbo a nkhuku, koma munthu wa bwato akhoza kutsata. Poyamba sindinalembe dzina langa. Kenako ndinaona kuti pepala lopanda dzina sangalifunse mafunso. Ndalemba pansi pake, Deiner Rentería.

Pepalalo silili m'envulopumu. Ndibwera nalo ndekha, ndikawapatse aphunzitsi a Leonor m'manja. Tikiti ndagula ya pa 23, ndipo Chucho wavomera kundikankhira m'basi ngati miyendo ikananso. Pa 24 madzulo ndili padoko. Yarle, musadikire pa benchi lija, mwana angalumidwe ndi udzudzu. Ndikudziwa njira.

Konzani izi. Mbande ikhale ya borojó, yaikazi, kuti adzadye zipatso zake. Fosholo ili kuseri kwa khola, mpini wake ndi wosweka, koma ndidzaukonza. Dzenje ndidzakumba pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene chigumula sichifika. Chitini chija muike m'mbale ya madzi, nyerere zisakwere.

Pensulo yanga yatha, yatsala ngati kachala ka Emilsen, ndikuganiza, poti sindinakaone. Theka linalo musalisongole. Ndi lake.

Ine mkamwini wanu, mwamuna wanu, bambo wake,
Deiner

Yarle, tembenuzani pepalali.

(Kuseri kwa pepala, ndi pensulo:)

Ndakusowani. Masiku onse.

Thabwa lachitatu lija musalipondebe. Misomali ndili nayo.